Makhadi a Dzanja Lamanzere

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, bambo anga anagwa pa makwerero akulemba chikwangwani cha shopu ya zipangizo za njinga ku Old Town. Amene anaona amati sanaterereke ayi. Anangoima kaye, burashi ili m'manja, kenako mwendo wakumanja unapinda wokha. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Atagonako milungu itatu anabwera kunyumba dzanja lamanja lili lende, mwendo akuchita kukoka, pakamwa patatsala mawu awiri okha: "eya" ndi "basi".

Bambo anali mmisiri wa zikwangwani, ndipo anali munthu wankhani. Ndikamayenda nawo m'tauni ankandilozera ntchito zawo: dzina la golosale iyo, chinsapato chachikulu pakhoma ilo, ndi agalu olusa amene ankajambula pa mageti a ku Area 3 ndi ku Area 11, m'munsi atalemba kuti chenjerani. Ankandinong'oneza kuti eni nyumba ena analibe ngakhale mphaka. Tsono munthu yemweyo anayamba kukhala pampando pakhonde tsiku lonse, maso ali pansi, ntchentche ikatera padzanja lakufalo osaimva.

Tinkakhala kuseri kwa mashopu, mu mpanda wa nyumba zinayi za lendi zoyang'anizana, mpopi uli pakati. Amayi ankagulitsa kaunjika kumsika wa Tsoka, ndipo ankachoka m'mawa n'kubwera dzuwa likulowa. Mwana pakhomo ndinali ndekha. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapatsa bambo chakudya, kenako n'kumawaongola zala chimodzichimodzi monga anatiphunzitsira a mafizo, oongola ziwalo kuchipatala. Ndikafika chala chachitatu ankachotsa dzanja langa n'kunena kuti, "Basi." Ine ndinkasiyadi, ndipo kunena zoona mumtima ndinkapepukidwa.

M'nyumba yoyang'anizana ndi yathu munkakhala atelala, bambo wachisilamu wamfupi, wa ndevu zoyamba kuyera, amene ankasokera pakhonde pawo. Anali ndi akazi awo ndi mwana mmodzi wamkazi wa msinkhu wanga, ndipo iyeyo ndiye anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo. Bambo ake ndinkawatchula ankolo, iyenso ankawatchula bambo anga chimodzimodzi. Kale Lamlungu masana atelalawo ankasewera bawo ndi bambo mpaka kukangana. Bambo atatuluka m'chipatala, iwo anabwera nayo bawoyo kawiri konse. Maulendo onse awiri bambo anatembenuzira nkhope kukhoma.

Mu mpanda monsemo tivi inali kwa atelala kokha, ndi kamakina koonetsera zimbale. Tsiku lina mnzanga anabwera ndi chimbale chimene anamupatsa msuweni wake. Anali makatuni a achinyamata apasukulu, anyamata ndi atsikana a tsitsi losongoka ngati minga ya nungu, amene ankapikisana pa masewera a makhadi. Khadi lililonse linali ndi chilombo chake. Wosewera akalikweza m'mwamba n'kutchula dzina lake mokweza, chilombocho chinkatuluka chamoyo n'kuima pabwalo, china cha mapiko a moto, china cha thupi la miyala, n'kumenyana ndi cha mnzakeyo. Chizungu chake chinali chothamanga moti tinkangotolapo mawu apa ndi apo, koma malamulo tinawamva bwinobwino. Nambala yaikulu imagonjetsa yaing'ono, madzi amazimitsa moto, ndipo khadi limene sunalitchule dzina siligwira ntchito.

Tinatengeka nawo kwambiri. Ana a mu mpanda ndi a mipanda yoyandikana ankadzaza pabalaza la atelala masana aliwonse magetsi akakhalapo. Aliyense anali ndi wake womuchemerera. Ine wanga anali mtsikana wamagalasi amene anali ndi makhadi ofooka kuposa onse, koma ankapambana chifukwa chodziwa kudikira. Masiku oyamba ndinkangosuzumira kamphindi n'kubwerera kwa bambo. Kenako atelala anasuntha tivi ija n'kuiloza kukhomo, chitseko n'kuchitsekula bwinobwino, amvekere ana achuluka ndipo m'nyumba mukutentha. Kuchokera pakhonde pathu chilichonse chinkaoneka. Ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wa bambo n'kumaonera ndili pomwepo. Sindinawafunse ngati nawonso akuona, koma ndinazindikira kuti mutu wawo sunali wozolika ngati kale.

Chimbalecho chinali chokalikakalika. Mpikisano waukulu utafika pa anthu anayi otsiriza, mtsikana wanga wamagalasi atangokweza khadi lake, chithunzi chinangoima. Mnzanga anachipukuta ndi chitenje, anachipaka mankhwala otsukira mano, anachiuzira mpweya, koma chinkaima pamalo omwewo. Tinafunsa kwa ogulitsa zimbale kumsika, onse analibe chotsatira chake.

"Ndiye tingomaliza tokha mpikisanowu," anatero mnzangayo.

Tinatola makatoni a sopo ndi a tiyi kuseri kwa mashopu, n'kuwadula ndi sizasi yakale ya atelala. Ine ndinkajambula, iye ankapeka maina ndi manambala. Zilombo zapativi zinativuta kujambula, ndiye tinapanga zathu: Njati ya Mphezi, Njati ya Matope, Ng'ona ya Phulusa, Nanzikambe wa Galasi, Chiswe Chikwi. Pakutha pa sabata tinali ndi makhadi okwana kusewera anthu awiri, ndipo ndinkawasunga pansi pa pilo.

Amayi anawapeza Loweruka akuyanika zofunda.

"Zimenezi n'chiyani?"

"Ndi masewera chabe, amayi."

"Masewera a zinyanga ndi michira? Izi ndi zimene amanena kutchalitchi zija. M'nyumba muno muli kale matenda, ukufuna uitanenso china?"

Mbaula inali ikuyaka panja. Anawaponya onse pamoto ine ndikuona, n'kuikapo mphika. Ndinalira mokweza ngati kamwana. Bambo anamenya ndodo yawo pansi n'kunena kuti, "Basi," koma sindinadziwe ngati akuuza ine kapena amayi.

Lero ndikakumbukira sindiwaimba mlandu amayi. Ankadzuka kusanache, kuwasambitsa bambo, kunyamula chikwama cha zovala mpaka ku Tsoka, madzulo n'kudzaphikanso. Anali ndi mantha, ndipo analibe wowauza. Madzulo a tsiku limenelo atelala anawapeza pampopi akutsuka mbale.

"Mayi, ine zimenezi ndinakhala pansi n'kuonera ndekha. Ndi bawo yomweyi, kungoti anaiveka zovala."

"Kwanuko zithunzi zoterezi mumaloleza?"

Atelala anaseka. "Amake mwanawa nawonso sazikonda. Koma ana akakhala pano ndimadziwa pamene ali. Akapita kudepoti kuja sindidziwa."

Amayi sanavomere, komanso sanakanize. Anangondiuza kuti zinthuzo zisalowenso m'nyumba mwawo. Choncho ntchito yonse inasamukira pakhonde, pamapazi a bambo.

Tinayambiranso. Masana ena ndinali ndekha ndikulemba dzina pamwamba pa khadi la njati. Ndinayamba ndi zilembo zikuluzikulu, malo n'kundithera, ndiye mawu akuti mphezi ndinawapanikiza kumapeto akutsetserekera pansi. Ndinamva ndodo ikundigogoda paphazi. Bambo anali atakwinya nkhope, akuyang'ana khadilo monga ankayang'anira zikwangwani za amisiri anzawo osadziwa ntchito. Anatambasula dzanja lamanzere. Ndinawapatsa khadi, iwo n'kupukusa mutu, kuloza pensulo. Ndinawapatsa zonse ziwiri, ndi buku langa la masamu loti atsamiritsepo.

Sizinayende. Khadi linkathawa pansi pa pensulo chifukwa panalibe dzanja lina loligwira. Ndinafuna kuwagwirira, anandikankha ndi chigongono. Chimene chinatuluka chinali ngati papalasa nkhuku. Anachiyang'ana kwa nthawi, kenako anachifinya m'dzanja n'kuchitaya kumpopi, pensulo n'kuigwetsa pansi. Tsiku limenelo anakana chakudya.

Atelala anaona zonsezo ali pamakina awo. M'mawa mwake, ndikuvala yunifolomu, anabwera ndi kathabwa kamene anakakuta ndi nsalu yokhuthala, m'mphepete atabayamo mapini asanu ndi limodzi. Anakaika pamiyendo pa bambo, n'kutenga katoni, kuibaya mapini m'makona.

"Achimwene, nsalu nayonso imathawa ukapanda kuibaya mapini. Si vuto la dzanja."

Anabwerera kumakina awo osadikira yankho.

Masiku awiri kathabwako kanangokhala kotsamira khoma. Tsiku lachitatu nditaweruka ndinapeza katoni yonse yadzaza mizere yoimirira, ina yopindika, ina yowongoka pang'ono. Bambo anali thukuta kamukamu ngati alima. Ndinangochotsa katoniyo n'kubayapo ina.

Zithunzi ndi zimene zinayamba kubwerera, zilembo zinachedwa. Zilembo zina zinali zitawasowa m'mutu, moti ndinkalemba dzina m'kope mwanga iwo n'kumakopera chimodzichimodzi. Njati yawo yoyamba yooneka bwino inali ndi nyanga za njati ndithu, koma nkhope, mano ndi lilime zinali za agalu a pamageti aja. Mnzanga ataiona anati, "Ankolo, njati imeneyi ikuwuwa." Ana onse anafa ndi phwete. Ndinachita mantha kuti bambo akwiya, koma nawonso anaseka, mbali imodzi ya pakamwa, mapewa akugwedezeka. Chichokereni kuchipatala ndinali ndisanawamve akuseka.

Amayi ankaona zonsezi akabwera madzulo. Tsiku lina anabwera ndi makatoni a nsapato atamangirira pamwamba pa chikwama chawo. Anawatsitsa pakhonde n'kunena kuti, "Awa ndi oyera m'kati." Loweruka lotsatira anakoka pansi pa bedi chikwama cha maburashi ndi timabotolo ta penti, chimene anabisa pamene bambo anali m'chipatala kuti asamachione n'kumva chisoni. Maburashi ambiri anali atauma gwa. Ang'onoang'ono awiri anafewa titawaviika mu parafini.

Mpikisano wathu unayamba mwezi wozizira. Tinalipo ana asanu ndi atatu, ndipo tinkasewera Loweruka masana pamkeka, pakati pa khonde lathu ndi la atelala. Poyamba panali chinyengo chambiri, ena ankawonjezera ziro pa manambala a makhadi awo. Ndiye tinagwirizana kuti khadi lovomerezeka ndi lokhalo limene alemba bambo anga, ndipo mkangano ukabuka woweruza ndi iwowo. Ntchito imeneyi inawayenera, chifukwa mawu awo awiri aja anali okwanira. Akati "eya" ndiye kuti khadi ladya, akati "basi" wina watuluka. Ana ankawaopa kuposa aphunzitsi.

Loweruka lina mmodzi mwa osewera anapita kumudzi, ndipo amene anasowa wosewera naye anali mnzanga uja. Anasonkhanitsa makhadi a mwana amene kunalibeyo n'kuwaika pa kathabwa ka bambo.

"Ankolo, lowani m'malo mwake."

Bambo anapukusa mutu.

"Mukuopa kuti ndikudyani?"

Anamuyang'ana mtsikanayo, kenako anayang'ana makhadi. Tinasendeza mkeka pafupi ndi mpando wawo. Mnzanga anayamba ndiye, anakweza khadi n'kufuula dzina lake monga tinkachitira tonse. Bambo anasankha lawo mosafulumira n'kuliponya pamkeka. Inali Njati ya Mphezi.

"Simunatchule," anatero mnzanga.

"Iwe," ndinamugwira mkono, "sukudziwa kuti satha?"

"Tonse timatchula. Khadi losatchula siligwira ntchito."

Analitola n'kulibwezera pa kathabwa. Ndinayang'ana kwa atelala kuti amudzudzule mwana wawo, koma iwo anali atangoimitsa makina, akuchita ngati akufuna ulusi m'kabati. Bambo anagwira khadi lija. Milomo yawo inasuntha, osatuluka kanthu. Anayesanso, kunamveka kubuula chabe. Mtsempha wapakhosi unatupa. Ndinkafuna kuwalanda khadilo n'kuthamangitsa ana onse, koma mnzanga anangokhala, manja ali pamaondo, akuwayang'ana m'maso.

"Nnn," anatero bambo. "Nja. Njati."

"Njati yake iti? Zilipo ziwiri."

Apa ndinatsala pang'ono kumumenya mbama. Bambo anatseka maso, anapuma kawiri katatu.

"Mphe. Zi."

"Chabwino," anatero mnzanga. Analandira khadilo n'kuliika pamkeka. Kenako anakweza lake lachiwiri, Phiri Loyenda, limene mphezi siilichita kanthu, n'kuidya njati ya bambo. Masewerawo anatenga nthawi yaitali kuposa ena onse. Bambo anatha kutchula makhadi atatu, ena awiri anakanika ndipo mnzanga sanawawerengere. Anawagonjetsa. Iwo anamenya kathabwa ndi chikhatho n'kuzunguza chala m'mwamba, kutanthauza kuti abwerezenso.

Ine sindinamuyankhule mtsikanayo kwa sabata yathunthu. Ndinkaona ngati wawachititsa manyazi bambo anga pamaso pa ana. Koma m'mawa uliwonse sabata imeneyo, ndikamasesa pakhonde, ndinkawamva akung'ung'udza okha, makhadi atayala pa kathabwa, akulimbana ndi dzina limodzilimodzi. Lachisanu, atelala atapita kumzikiti, bambo anandikodola n'kundionetsa khadi la ng'ona, n'kuloza pakamwa panga. Ndinatchula, iwo n'kumayang'anitsitsa milomo yanga. Tinabwereza mpaka anakhoza. Madzulo ake ndinapita kwa mnzanga ndi chinangwa chokazinga, ndipo sitinakambepo za mkanganowo.

Amayi anamva koyamba mawu atsopanowo akuwapatsa madzi osamba m'manja. Bambo anangoti, "Njati." Amayi anaika beseni pansi, n'kukhala pamkeka, n'kumasula chitenje chawo n'kuchimanganso.

"Nanga ine ndine ndani?" anafunsa.

Bambo anayesa, koma sizinatheke tsiku limenelo. Zinatenga miyezi ina iwiri kuti awatchule amayi. Kwa zaka zambiri pambuyo pake amayi ankawaseka nazo pamaso pa alendo, amvekere pakhomo pano ng'ona ndi nanzikambe zinayamba kutchulidwa mkazi asanatchulidwe.

Bambo sanakwerenso makwerero, ndipo dzanja lamanja silinadzukenso. Kuyankhula kunabwerera mwapang'onopang'ono, mawu atatu anayi, kupuma, kenako ena. Koma dzanja lamanzere linakhwima. Anayamba ndi kachikwangwani ka pabenchi ya amayi ku Tsoka. Amayi oyandikana nawo benchi atakaona anafunanso kawo, kenako wometa tsitsi, kenako wogulitsa chipisi pafupi ndi mlatho. Zonse ankalembera pakhonde, zazing'onozing'ono zonyamulika m'manja. Zilembo zawo zatsopano zinkapendekera kumbuyo pang'ono, ndipo mpaka lero ndikhoza kuzizindikira pakati pa zikwangwani zina zonse. Bawo ija inabwereranso Lamlungu masana, mikangano yake ndi yomwe inafupika. Mpikisano wa makhadi tinaumaliza mvula isanayambe. Anapambana mtsikana wina wa mpanda wakuseri, ine ndinatuluka koyambirira. Chaka chotsatira tonse tinatanganidwa ndi mayeso ndipo masewerawo anazilala okha.

Bambo anakhala nafe zaka zina khumi ndi chimodzi. Anandiona ndikumaliza sukulu, ndipo tsiku limene ndinayamba ntchito mu ofesi ina ku City Centre anandiuza chiganizo chathunthu chondichenjeza kuti ndisamachedwe. Anamwalira ndi sitiroko yachiwiri. Maliro tinakaika kumudzi kwathu, kupitirira Mitundu. Atelala anali atasamuka kalekale mu mpanda muja, koma anabwera, n'kukhala tsiku lonse pakati pa azibambo akumpingo kwathu ndi kachipewa kawo koyera.

Makatuni aja ndinadzawaonanso ndili wamkulu, pafoni. Ndi aphokoso, ndipo nkhani yake imangobwerezabwereza. Sindidziwa anthu amene anawapanga, kudziko lakutali kumene sanamvepo za msika wa Tsoka, ndipo ndikukhulupirira kuti cholinga chawo chinali choti ana azigula makhadi. Komabe ndimawathokoza. Zimene a mafizo ndi ine tinalephera kuwachititsa bambo ndi zala ndi mawu okoma, anazichita okha chifukwa cha njati yapakatoni.

Mnzanga uja tinasiyana titapita kusekondale zosiyana. Chaka chatha ndinakumana naye pamalo okwerera minibasi ku City Centre, ali ndi mwana kumbuyo. Tinasiya minibasi zitatu zikupita. Ndinamufunsa chimene ndinkafuna kumufunsa kwa zaka zonsezi, ngati anachita kutumidwa tsiku lija.

"Ababa anangondiuza m'mawa kuti ankolo atopa ndi kumveredwa chisoni. Zinazo zinali zanga." Anaseka. "Miyendo inkanjenjemera, ndiye chifukwa chake ndinagwira maondo. Komanso usaiwale kuti ndinkafuna kuwina."

Anandilongosolera kumene makolo ake akukhala tsopano, ndipo Loweruka lotsatira ndinapitako ndi shuga ndi masamba a tiyi. Atelala akalamba, ndevu zonse zayera, koma makina akadali pakhonde. Akazi awo anandikumbatira n'kundifunsa za amayi. Titamwa tiyi ndinayamba mawu amene ndinakonza m'njira monse. Ndinati ndabwera kudzathokoza chifukwa cha zimene anawachitira bambo anga, ndipo sindinawathokozepo chifukwa nthawi imeneyo ndinali mwana wosazindikira.

Atelala anandimvetsera mpaka pakati, akugwedeza mutu, maso ali pansi. Kenako anaweramira kutsogolo n'kuloza m'munsi mwa siketi yanga.

"Mwana wanga, anakupindira ndani siketi imeneyi?"

Ndinati telala wina wa pafupi ndi kuntchito.

"Kutsogolo yatalika, kumbuyo yafupika. Amake mwana, m'bwerekeni chitenje avale."

Ndinakhala pampando ndi chitenje cha eni nyumba, iwo akusomola ulusi ndi kalumo, magalasi ali pamphuno. Ankandifunsa za mtengo wa minibasi, za mpanda wathu wakale umene anaugwetsa n'kumangapo mashopu, za mvula ya chaka chino. Atamaliza anaisita okha n'kuiyang'ana pa kuwala. Ndinavala, anandiuza kuti nditembenuke, n'kunena kuti tsopano ndikhoza kuyenda pakati pa anthu. Anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo anaima pomwepo kufikira minibasi itanyamuka.